Tsiku limene madirowa anakana kulowa

Kabatiyo inali itaima pa benchi, madirowa ake asanu ali m'malo mwake, ndipo lililonse linkalowa ndi chala chimodzi. Silinkakhula, silinkagwedera. Kamzere kakuda kozungulira nkhope ya dirowa lililonse kanali kofanana kumanzere ndi kumanja. Ndinaima patali manja ali m'chiuno, ndikuiyang'ana.

Chimene chinatsala chinali thabwa lakumbuyo, zogwirira ndi vanishi. Koma ndinkafuna ndiione kaye ili pamalo pake, pafupi ndi khoma, ndisanaboole malo a zogwirira. Ndiye tinainyamula awiri, ine ndi bambo ena achikulire, akalipentala amene anandibwereka makilampu aatali. Tinachotsa madirowa, tinadutsa nayo pakhomo titaipendeketsa, n'kuikhazika pansi. Kenako ndinayamba kubwezera madirowa aja kuyambira lapansi.

Lapansi linalowa bwinobwino. Lachiwiri linalowa koma likudandaula. Lachitatu ndinachita kulimenya ndi chikhatho. Lapamwamba, laling'ono kuposa onse, limene ndinataya nalo nthawi yambiri, linalowa theka n'kuima nji. Nditawerama ndinaona kuti kamzere kaja kasokonekera m'madirowa onse: pamwamba kumanja katsekeka, pansi kumanja katseguka.

Kuchokera pa benchi kufika pamenepo sitinaigwetse, sitinaigunditse, sinanyowe.

## "Musapale kaye"

Dzanja langa linapita lokha ku puleni. Aliyense amene anapangapo dirowa akuchidziwa chizolowezi chimenechi: likakana, umafufuza pamene panyezimira chifukwa cha kukhula, n'kupala pamenepo. Ndinali nditalitulutsa kale dirowa lapamwamba lija, ndalipanikiza pakati pa mawondo.

"Musapale kaye," anatero bambo aja. Sanakweze mawu.

"Bambo, likugunda apa. Taonani."

"Ndaona. Nanga pa benchi paja limagunda?"

"Ayi."

"Ndiye lafufuma pamene timadutsa pakhomo?"

Ndinasowa choyankha. Iwo anagwada, mosamala chifukwa mawondo awo aona zaka, n'kuyamba kusisita pansi ndi chikhatho pafupi ndi miyendo ya kabati. Kenako anadzuka, anagwira pamwamba pa kabatiyo pa ngodya ziwiri zopingasana, n'kuyesa kuigwedeza. Sinagwedere ngakhale pang'ono. Ine ndinati basi, ndiye kuti yakhazikika bwino. Iwo anapukusa mutu.

"Tebulo lolimba mukaliika pamalo osalingana limagwedera, chifukwa limakana kupindika. Iyi sikugwedera chifukwa yavomera. Yadzipotola yokha kuti miyendo yonse inayi igunde pansi."

Anandiuza kuti ndiwapezere kachidutswa ka thabwa kopyapyala. Ndinatenga kotsala podula pansi pa madirowa, iwo anakasongola mbali imodzi ndi tchizulo. "Inu, mwana wanga, nyamulani pang'ono ngodya yakumbuyo kumanzereko. Pang'ono chabe." Ndinanyamula, iwo anapisa kachidutswa kaja pansi pa mwendo. "Tayesani."

Dirowa linalowa kupitirira paja, n'kuimanso kutatsala zala ziwiri. Anakankhiranso kathabwa kaja m'kati pang'ono ndi chala chachikulu. "Tayesaninso."

Linatsetsereka mpaka kumapeto. Ndinayesa lachitatu, lachiwiri, onse. Timizere tija tinawongoka tonse nthawi imodzi, ngati kuti palibe chinachitika. Nditayeza pamene kathabwako kanalekezera, kunenepa kwake kunali pafupifupi mamilimita 3. Mamilimita atatu a pansi, osati a kabati.

Chimene chimandivutitsabe mpaka lero si kathabwako ayi, koma puleni imene inali m'manja mwanga. Ndikanapala. Ndipo ndikanapala mwaluso ndithu, pang'onopang'ono, kuyesa n'kupalanso, mpaka dirowa likanalowa. Likanalowadi. Ndikanachita chimodzimodzi ndi lachitatu ndi lachiwiri, ndipo madzulo ndikanagona ndi mtima wokhutira kuti vuto ndalithetsa. Koma ndikanakhala nditasema madirowa abwinobwino kuti agwirizane ndi kabati yopotoka. Tsiku limene wina akanaisuntha kupita ku khoma lina, madirowa aja akanatsala ndi mipata yopendekeka mpaka kalekale, chifukwa thabwa limene puleni yadya silibwerera.

Chimene chinachitika m'kati n'chosavuta kumvetsa ukachiona kamodzi. Dirowa limayenda pa timatabwa tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, ndipo tiwiriti tiyenera kukhala togona mofanana. Kabati ikapotoka, kena kamapendekera kutsogolo pamene kanzake kapendekera kumbuyo. Dirowa nalo ndi bokosi lolimba, lomatidwa ngodya zonse zinayi, silingapindike kutsatira timatabwato. Limakhalira ngodya ziwiri zopingasana, ngodya ina n'kukwera m'mwamba kukagunda denga la khomo lake. Madirowa ang'onoang'ono ndi amene amayamba kukana, chifukwa ndi amene timawasiyira mpata wochepa kwambiri pamwamba.

## Bwanji osangopanga ophimba?

Anzanga ena atamva nkhaniyi anangoti, "Iwenso ukanangopanga madirowa ophimba felemu, zonsezi sizikanachitika." Akunena zoona, pang'ono.

Madirowa ambiri a m'makabati a masiku ano nkhope yake imakhala kunja, yophimba m'mphepete mwa khomo. Amisiri amati overlay. Khomo likakhala lokhota ndi milimita imodzi kapena awiri, nkhope ija imabisa zonse. Pali mtundu winanso umene nkhope imalowa theka, n'kutsala kamlomo kophimba mpata. Ngakhale a Shaker, gulu lachipembedzo la ku America, otchuka ndi mipando yawo yosachulutsa zokongoletsa m'zaka za m'ma 1800, madirowa awo ambiri anali a kamlomo kameneka. Sanali aulesi. Ankadziwa kuti kamlomo kamatchinga fumbi ndipo kamakhululukira thabwa likamasintha ndi nyengo.

Dirowa la mtundu wotchedwa inset, ngati a kabati yanga ija, lilibe chophimba. Nkhope yake imalowa yonse m'khomo n'kulingana ndi felemu, moti ukayendetsa chikhatho kuchokera pa felemu kudutsa pa dirowa sumva chokwera kapena chotsika. Chimatsala ndi kampata kozungulira, kawirikawiri mamilimita 1.5 mpaka 2. Diso la munthu silidziwa kuyeza mamilimita, koma limadziwa msanga mizere iwiri yoyandikana ikasiya kuyenda limodzi. Mpata wa mamilimita 3 wofanana mbali zonse umaoneka bwino. Mpata umene ukuyamba ndi milimita imodzi n'kukathera pa awiri umaoneka ngakhale uli pakhomo la chipinda, ngakhale kwa mlendo amene sanagwirepo sowo.

Ine ndimawakonda pa chifukwa chomwechi. Kabati ya madirowa otere imaoneka ngati thabwa limodzi limene wina wajambulapo mizere ndi pensulo yosongoka. Ndipo kuyambira tsiku lija, timizereto ndimationa ngati chida choyezera chimene chimakhala pa kabati moyo wake wonse. Kakapendekeka, sindifunsanso kuti dirowa lalakwa chiyani. Ndimayamba ndayang'ana pansi.

## Bokosi lopanda msana

Pansi posalingana sipakanatha kuipotola kabati ija mosavuta chonchija ikanakhala ndi thabwa lakumbuyo. Ndinalisiya dala, ndipo amisiri ambiri amatero. Kumbuyo kukakhala kotseguka umatha kuwalitsa tochi n'kuona pamene dirowa likukhula, umatha kulikankha kuchokera kumbuyo likakanirira (zogwirira zimakhala zisanaikidwe), ndiponso umafikira malo omatapo timatabwa toimitsa. Koma bokosi la mbali zinayi lopanda msana ndi lofooka modabwitsa. Ngakhale ngodya zake zilumikizidwe bwino chotani, ukalikankha cham'mbali limagonja.

Chimene chimalilimbitsa ndi chinthu chooneka chonyozeka kuposa zonse: pulayiwudi ya mamilimita 6 yodulidwa sikweya, yolowetsedwa m'kangalande kakumbuyo n'kumangidwa ndi masikuluwu kuzungulira. Thabwa lathyathyathya lotero ndi losavuta kulipinda, koma n'kovuta kwambiri kulisandutsa kuti ngodya zake zisiye kukhala sikweya. Likagwira mbali zonse zinayi, kabati imatengera khalidwe lake. N'chifukwa chake liyenera kudulidwa molondola, chifukwa likakhala lokhota, kabati nayo ikhala yokhota mpaka kalekale. Msana wa matabwa enieni oyalidwa motsatana umakongola, koma sulimbitsa mofanana, poti thabwa lililonse liyenera kusiyiridwa ufulu wofufuma.

Masiku ano ndisanakhudze dirowa ndimachita zinthu zingapo zimene kale ndinkaziona ngati kutaya nthawi. Kabati ndimaikhazika pamalo amene ndawayeza ndi levulo. Pamwamba pake ndimagonekapo timitengo tiwiri towongoka, kena kutsogolo kena kumbuyo, n'kuwerama kuyang'ana ngati m'mphepete mwake mukulingana. Kupotoka kochepa kumene levulo singaone, timitengoti timakuonetsa. Kenako ndimayeza kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya yopingasana nayo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Miyezo iwiriyo ikafanana, bokosi lili sikweya. Ndikatsimikiza, ndimakhomerera kathabwa kopingasa kumbuyo kongoyembekezera, kuti kagwire ntchito ya msana koma ndizionabe m'kati.

Kabati ija ndinadzaiikira timiyendo ta sikuluwu tobisika kuseri kwa thabwa lapansi, totha kukwezedwa kapena kutsitsidwa kamodzikamodzi. Bambo aja atationa anati, "Kachidutswa kaja kanali kaulere." Zoona. Koma kachidutswa kamasowa tsiku lokolopa.

## Tepi ikhale m'thumba

Chinthu chachiwiri chimene ndinatengapo sichinabwere tsiku lomwelo. Chinabwera pang'onopang'ono, poganizira funso lawo lija loti kodi dirowa lafufuma podutsa pakhomo. Ngati khomo la dirowa lingasinthe chifukwa cha pansi, ndiye kuti nambala imene ndinalemba pa pepala pojambula kabati si khomolo. Khomo lenileni ndi limene laima patsogolo panga, ndi tizolakwika take tonse. Pulayiwudi yogulitsidwa ngati ya mamilimita 18 kawirikawiri imaperewera pang'ono. Guluu amatenga malo ake. Kilampu imakoka mbali ina kuposa inzake. Makomo asanu amene pa pepala ndi ofanana, pa kabati sangafanane ndendende.

Ndiye dirowa lililonse ndimalipangira khomo lake, ndipo zidutswa zake ndimazilemba nambala ya khomolo. Ndimayamba ndi matabwa a m'mbali. Ndimawongola m'mphepete mwapansi, kenako ndimapala pamwamba mpaka thabwa lilowe m'khomo mothina pang'ono kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Kenako nkhope. Pansi pake ndimawongola, mbali imodzi ndimaipala kuti igwirizane ndi felemu monga ilili, kaya ili sikweya kaya yapendekeka ndi kachigawo ka milimita. Mbali inayo ndimaiika pakhomo n'kulemba ndi mpeni, osati pensulo, chifukwa mzere wa pensulo pawokha ndi wonenepa kuposa mpata umene ndikufuna. Thabwa lakumbuyo kwa dirowa ndimalidula potengera nkhope. Tepi yoyezera siigwira ntchito pena paliponse pamenepa.

Pa nthawi imeneyi nkhope imakhala yothina, yolowa theka lokha. Mpata wooneka uja umabwera pamapeto penipeni, dirowa litamatidwa ndi kuuma.

Kutsogolo ndimalumikiza ndi dovetail (kalumikizidwe ka mano osemedwa kumapeto kwa matabwa awiri kuti alowane) yobisika, imene mano ake amaonekera m'mbali mokha. Si kudzionetsera. Dirowa limakokedwa kutsogolo tsiku lililonse, ndipo mano a dovetail amakula kumapeto kwake, moti ukamakoka nkhope m'pamene amagwirana kwambiri. Kangalande kolowamo thabwa lapansi ndimakadutsitsa m'dzino lapansi kuti kasaonekere kunja.

Kupala komaliza ndi kumene kumafuna mtima. Dirowa ndimalikoleka pa thabwa lotulukira kunja kwa benchi, kuti mbali imene ndikupala ikhale ndi chochirikiza pansi pake, apo ayi imavinira pansi pa puleni. Ndimapala kuchokera kumapeto onse awiri kulowera pakati, chifukwa ukadutsa ndi puleni mpaka kutuluka kumapeto, nsonga za mano a dovetail zimathetheka. Ndikapala kawiri kapena katatu ndimakaliyesa. Ndimalilowetsa n'kulitulutsa kangapo, kenako ndimaliyang'ana mopendeketsa pa kuwala. Pamene pakhula pamanyezimira. Ngati sipakuoneka, ndimadetsa m'kati mwa khomo ndi pensulo, ndipo dirowa limatuluka litadzilemba lokha pofunika kupala. Sandipepa pano sindimufuna. Amadya paliponse, makamaka m'mphepete, n'kuzungulitsa ngodya zimene zimayenera kukhala zakuthwa kuti mzere uoneke woyera.

Pali kachinsinsi kena kamene ndinaphunzira mochedwa. Khomo likhale lokulirapo pang'ono kumbuyo kuposa kutsogolo, mwina theka la milimita. Likakhala lothina kumbuyo, udzapala dirowa mpaka lilowe, koma kutsogolo lizidzagwedera. Likakhala lomasuka pang'ono kumbuyo, dirowa limalowa mofewa, ndipo ukamalikoka limayamba kugwira likamayandikira kutuluka, ngati likukuchenjeza kuti usaligwetse.

Msana utamangidwa, dirowa lokwana bwino limachita chinthu chosangalatsa. Ukalikankha mwamsanga, mpweya wa m'kati umasowa kothawira, ndipo dirowa loyandikana nalo limatuluka lokha pang'ono. Ana amachikonda chimenechi kuposa china chilichonse pa kabati.

## Thabwa silinasiye kuyenda

Funso la bambo aja linali lachipongwe chifukwa thabwa silifufuma pa mphindi zochepa. Koma pa miyezi limafufuma ndithu, ndipo apa m'pamene madirowa a inset amagwetsa anthu ambiri.

Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya n'kuchitulutsanso moyo wake wonse, ngakhale lipakidwe vanishi. Vanishi amangochedwetsa. Koma silisintha mofanana mbali zonse. M'litali, motsatira mizere yake, limasintha pang'ono kwambiri, pafupifupi 0.1 mpaka 0.2 peresenti kuchokera lili laliwisi mpaka litaumiratu. M'lifupi ndi nkhani ina. Mtengo wa red oak, mwachitsanzo, umachepa ndi 8.6 peresenti ukachekedwa motsatira mphete za mtengo, ndi 4 peresenti ukachekedwa modula mphetezo. Mahogany weniweni amasintha pang'ono, 4.1 ndi 3 peresenti, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene amisiri akale ankamukondera.

M'nyumba thabwa silifika kumapeto onsewo. Limangoyendayenda pakati. Kawerengedwe kachidule kamene ambiri amagwiritsa ntchito n'kakuti chinyezi cha m'thabwa chikasintha ndi 4 peresenti, thabwa lochekedwa mwachizolowezi limasintha m'lifupi ndi pafupifupi 1 peresenti. Tengani nkhope ya dirowa yotalika mamilimita 200 kuchoka pansi kufika pamwamba. Imeneyo ingakule ndi mamilimita 2, ya oak mwinanso kufika 3. Mpata wonse umene munausiya mosamala uja watha.

Izi zikutanthauza kuti mpata sungakhale wofanana m'njira imene timaganizira poyamba. Kumanzere ndi kumanja dirowa likhoza kuthina, chifukwa mizere ya nkhope imayenda chopingasa ndipo m'litali simusintha. Pamwamba ndi pamene pamafunika malo opumira, ndipo dirowa likamakula m'pamenenso malowo ayenera kukula. La mamilimita 80 lingakhutire ndi mpata wosakwana milimita. La mamilimita 250 likufuna wochulukirapo, ndipo matabwa ake a m'mbali ndimawapala kutsika kuposa nkhope, poti m'katimo palibe amene akuona. Ngati ndingapeze matabwa ochekedwa modula mphete, amene mizere yake kumapeto imaima chilili, ndimawasungira m'mbali mwa madirowa.

Nthawi imene ukupanga nayonso ili ndi mawu. Ukamakwanitsa madirowa m'nyengo yachinyezi, matabwa ali pa kukula kwake, ndiye ukhoza kuthinitsa. Ukamakwanitsa m'nyengo youma, siya mpata wooneka wochuluka kuposa umene mtima ukufuna. Zimapweteka kusiya dala mpata waukulu pa ntchito imene ukufuna ioneke yothina, koma dirowa lofufuma likakanirira m'kati zovala zili momwemo, palibe amene amayamikira kuti linkaoneka bwino miyezi yapitayo.

Thabwa lapansi pa dirowa, ngati si pulayiwudi, mizere yake iyende kuchokera kumanzere kupita kumanja. Likatero limafufumira kumbuyo, kumene thabwa lakumbuyo linafupikitsidwa kuti lidutse pansi pake, n'kugwidwa ndi sikuluwu imodzi m'kabowo kotalika. Mukalitembenuza, lidzafufumira m'mbali n'kukankha dirowa kuti lithine, kapena kung'amba pamene munamata.

## Za njanji zachitsulo

Bambo aja njanji zachitsulo sazifuna n'komwe. Amati dirowa loyenda pa chitsulo ndi ngolo. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Dirowa lalikulu losungiramo zida zolemera, lotsegulidwa kambirimbiri pa tsiku, limayenda bwino pa njanji, ndipo limatuluka lonse mpaka uone zakumbuyo.

Koma njanji zili ndi malamulo ake osakambirana. Zambiri za m'mbali, za timipira tachitsulo, zimafuna mamilimita 12.7 mbali iliyonse, ndiye bokosi la dirowa limachepa ndi mamilimita 25.4 mpaka pafupifupi 26 poyerekeza ndi khomo. Likakula kuposa pamenepo, njanji zimalimba. Likachepa, ukhoza kupisa kapepala kuseri kwa njanji. N'chifukwa chake ndi bwino bokosi lichepe pang'ono kusiyana n'kuti likule. Zobisika pansi pa dirowa, monga Tandem za kampani ya Blum ya ku Austria, zili ndi miyezo yakeyake, ndipo pepala lobwera nazo liyenera kuwerengedwa bokosi lisanadulidwe, osati litamatidwa. Pa dirowa la inset, njanji ziyeneranso kubwerera m'kati ndi kunenepa kwa nkhope, apo ayi nkhopeyo idzatulukira kunja.

Ubwino wake ndi woti nkhope imakhala thabwa lapadera lomangidwa pa bokosi pamapeto. Bokosi likalowa, nkhope ndimaiika pakhomo n'kuichirikiza ndi makadi osewerera. Khadi limodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.3, ndiye asanu kapena asanu ndi limodzi amapereka mpata wofunika. Ndimaika mulu wofanana pansi ndi m'mbali, ndimamata nkhope pa bokosi ndi tepi yomata mbali zonse, ndimalikankha kuchokera kumbuyo, n'kumanga masikuluwu kuchokera m'kati. Mabowo a m'bokosi ndimawakulitsa pang'ono kuti nkhope ithe kusunthidwa ikafuna kukonzedwa.

Musaganize kuti njanji zimapulumutsa kabati yopotoka. Zimavutika nayo kuposa matabwa. Njanji ziwiri zikasiya kulingana, dirowa limayenda mokakamira, ndipo zodzitsekera zokha zimasiya kutseka mpaka kumapeto.

## Poimira ndi pogwira

Dirowa lophimba limaima lokha nkhope ikagunda felemu. La inset lilibe choliimitsa, limangopitirira kulowa mpaka ligunde msana. Ndiye pamafunika timatabwa ting'onoting'ono toimitsa. Ena amatimata kumbuyo. Ine ndimatimata kutsogolo, pa thabwa lopingasa limene lili pansi pa dirowa, kuti tizigwira kuseri kwa nkhope. Chifukwa chake n'chakuti mbali za kabati, ngati ndi thabwa lenileni, zimafufuma kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, pamene mbali za dirowa sizisintha m'litali. Choimitsa chikakhala kumbuyo, nkhope imalowa ndi kutuluka malinga ndi nyengo. Chikakhala kutsogolo imaima pamodzimodzi. Ndimamata tiwiri pa dirowa lililonse, tonenepa mosafika pa thabwa lapansi la dirowalo, ndipo guluu asanaume ndimakankha dirowa mpaka nkhope ilingane ndi rula yogonekedwa pa felemu.

M'kati mwa kabati ndi m'mbali mwa madirowa sindipakamo vanishi kapena mafuta. Vanishi amawonjezera kunenepa ndipo amamata kukatentha. Mafuta m'malo otsekeka amachedwa kuuma, fungo lake limalowa m'zovala n'kukhala kwa nthawi yaitali. Ndimangosisita kandulo pansi pa mbali za dirowa ndi pa timatabwa totsetserekapo, n'kupukuta ndi nsalu.

Zogwirira zinanditengera nthawi kuganiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Madirowa apansi a kabati ija ndi otambalala kuposa kuya kwake, ndipo dirowa lotere limakonda kupendekeka m'khomo n'kudzitsekera lokha likakokedwa mbali imodzi. Zogwirira ziwiri zimaoneka bwino, koma munthu wonyamula chinthu m'dzanja lina amakoka chimodzi chokha. Ndinafunsa bambo aja.

"Amene azitsegula tsiku ndi tsiku ndi ndani?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti aliyense m'nyumbamo, ndi ana omwe.

"Ndiye ikani chimodzi pakati."

Ndinaika chimodzi pakati pa dirowa lililonse, ndipo pansi pa awiri otambalala aja ndinawonjezera kathabwa kotsogolera koyenda m'kangalande, kuti ngakhale wina akoke mokhota, dirowa lituluke mowongoka.